Kujambula gule pa dzuwa la Harare: kamera isakusankhireni

Zikomo akuluakulu, zikomo amayi, ndi inu achinyamata mwabwera ndi mafoni m'manjamu. Agogo kumbuyoko, mawu akufika? Chabwino. Kaya mwachokera ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Mabvuku, lero tilankhula chimene tinayamwira.

Ndiyambe ndi zimene zinandipweteka mtima. Chaka china mu Okutobala, jakaranda atachita maluwa, banja lina linandipempha kuti ndikajambule mwambo wokumbukira malemu bambo awo. Akuluakulu a gule anandilola kuima m'mphepete mwa bwalo. Kamera ndinaisiya pa auto, kuti izidzitchera yokha, poganiza kuti liwiro la gule manja anga sangalithe. Usiku nditatsegula pa kompyuta ndinasowa chonena. Kapoli akalowa pansi pa mtengo, bwalo lonse limayera mbee. Akatulukira padzuwa, limada bii. Atafika Makanja ndinakweza kamera, thambo n'kudzaza chithunzi, Makanja n'kusanduka mthunzi chabe, nsalu zake osaoneka mtundu. Abale ku Dedza anali akudikira kanemayo pa WhatsApp, ndipo mwambo wotere simungauze anthu kuti abwereze.

Kamera sidziwa chimene mukujambula. Imangoyeza kuwala kolowa mu lenzi n'kumayesetsa kuti kukhale kwa pakatikati, kosayera kosada. Mayi wa Mvano akadutsa patsogolo ndi bulauzi yake yoyera, iyo imati kwawala, n'kuchepetsa, ndiye nkhope zathu zakudazi zimamira. Chonsecho dzuwa silinasunthe. Chasuntha ndi munthu, kapena dzanja lanu. N'chifukwa chake ine kuwala ndimatchera ndekha, pa manual, ng'oma isanalire.

Zotchera zake ndi zitatu: shata, ISO ndi kabowo ka lenzi. Taonani apa pagalasi la kumbuyoli. Kuno ku Zimbabwe, ngati kwathu ku Malawi, magetsi ndi a 50 Hz, choncho timajambula zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi. Pa gule ndimakonda 50, chifukwa mapazi akamapalasa fumbi mukhoza kudzachedwetsa kanemayo n'kuona phazi lililonse. Shata, imene imatsegula ndi kutseka kuti kuwala kulowe kwa kanthawi kochepa, ikhale kawiri kwa nambala imeneyo: pa 25 ikani 1/50, pa 50 ikani 1/100. Mukaisiyira kamera masana, imathamangira ku 1/2000 kapena kupitirira, ndipo wovina amaoneka ngati akudukizadukiza, thupi losayenderana ndi mbalule. ISO, imene imakweza kapena kutsitsa mphamvu ya kamera yomvera kuwala, itsitseni pa 100. Chatsala ndi kabowo ka lenzi, kamene amalemba ndi f. Nambala ikakula, kabowo kamachepa. Dzuwa lili paliwombo, ISO 100 ndi shata ya 1/100 zimafuna f/16. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, ndipo dzuwa la chilimwe inu nomwe mukulidziwa mmene limabayira.

Koma f/16 ili ndi vuto lake: kafumbi kalikonse kamene kalowa m'kati mwa kamera kamaonekera pathambo ngati timadontho. Mankhwala ake ndi aka. Mwanawe, kapititse kwa amalume akowo akaone, koma ugwire m'mbali. Ndi kagalasi kakuda kotchedwa ND, kofanana ndi magalasi a dzuwa, timakamanga kutsogolo kwa lenzi. Ka ND4 kamakutsitsani kuchoka pa f/16 kufika pa f/8. Ngati ndalama ndi zochepa, gulani kameneka musanaganize za lenzi yatsopano.

Mukatchera, yeserani pa nkhope ya munthu amene waima pamene gule adzavinire, osati pathambo. Thambo likayera pang'ono palibe adzadandaule. Nkhope ya agogo ikada, adzakufunsani.

Tsopano fokasi, kutchera lenzi kuti chimene mukujambula chisaoneke chimbuuzi, pamene ambiri timagwera. Makamera atsopano ndi mafoni amasaka nkhope ya munthu, ena mpaka diso. Pa ukwati zimenezi ndi zabwino kwambiri, ndipo mnyamata mmodzi akamathamanga ndi mpira ku bwalo la Rufaro kamera yabwino imamutsata kuposa dzanja langa. Sindikunyoza auto ayi. Koma taganizirani bwalo la gule. Chilombo chabwera ndi nthenga kumutu, nkhope imene kamera ikuidziwa palibe, pomwe kumbuyo kwake kuli amayi makumi atatu akuwomba m'manja, nkhope zili poyera. Kamera isankha ndani? Isankha amayiwo. Kenaka fumbi likuti kobo, mwana wadutsa patsogolo, lenzi n'kuyamba kupita uku ndi uku, chithunzi chili chimbuuzi pa nthawi yeniyeni imene ng'oma yafika pachimake.

Chimene ndimachita n'chosavuta. Lenzi iyi ndi wamba, ya 18-55mm, imene imabwera ndi makamera ambiri a Canon ndi Nikon. Ndimaibweza pa 18, ndimasuntha kabatani ka m'mbalika kuchoka pa AF, fokasi ya auto, kupita pa MF, fokasi ya manja, kenaka ndimauza mnzanga kuti aime mapazi atatu aakulu kuchokera pamene ndili, ngati mamita atatu. Ndimapotoza mkombero uwu mpaka aoneke bwino. Pa f/8, chilichonse kuyambira mita ndi theka mpaka kumapeto kwa bwalo chimaoneka bwinobwino. Mukuona kaselotepi aka? Ndimamata pamkomberopo kuti chala chisaugunde m'chipwirikiti. Zikatero maso anga amamasuka, ndimayang'ana gule osati manambala. Musakokere chithunzi pafupi ndi zumu, chifukwa mukatero malo ooneka bwino aja amafupika, komanso kunjenjemera kwa manja kumakula. Ngati mwaloledwa kuyandikira, yandikirani ndi miyendo.

Pa kuloledwapo ndiime pang'ono. Kamera siipatsa munthu ufulu wolowa paliponse. Zakudambwe sitijambula, ndipo akuluakulu akati tsitsani, timatsitsa osafunsa. Koma pamene atilola, tijambule mwaluso. Mu 2005 UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse, ndipo maiko otchulidwa ndi Malawi, Mozambique ndi Zambia. Gule wa kuno, amene makolo athu anabwera naye pobwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'tauni muno, akusungidwa ndi ife tomwe ndi timakanema tathuti.

Eee, mayi, funsani. Akuti nanga amene ali ndi foni yokha? Tulutsani foniyo. Tsegulani kamera, lozani pa munthu, dinikizani chala pankhope yake pagalasi la foniyo osachotsa. Pa iPhone palembedwa AE/AF LOCK, pa mafoni ambiri a Android pamabwera kaloko kakang'ono. Pamenepo mwatseka zonse ziwiri, kuwala ndi fokasi. Pali kadzuwa pambali kapena pansi pake, kasuntheni mpaka nkhope ioneke mmene mukuionera ndi maso. Ndipo pukutani kagalasi ka kamera ya foniyo ndi nsalu yofewa, foni imakhala m'thumba limodzi ndi makiyi ndi thukuta.

Pali nthawi zina pamene ine ndemwe ndimabwerera ku auto. Mukamatsatira mkwati kuchokera m'tchalitchi kutulukira panja, kapena m'dzinja mitambo ikamatseka ndi kutsegula dzuwa, manja sangafulumire mokwanira. Zikatero shata ndi kabowo zisiyeni mmene munatcherera, ISO yokha ndiyo muiike pa auto. Dzuwa likapendekanso, cha m'ma 5 koloko, kuwala kumatha msanga. Chotsani ND, ndipo muzikonza pakati pa nyimbo ndi nyimbo, osati gule ali m'kati movina.

Tiyeni tituluke dzuwa likadalipo. Anyamata awiri, inu ndi inu, muthamange kuchokera pamthunzi wa mtengo uwo kufika pageti. Tijambula kawiri, koyamba pa auto, kachiwiri titatseka, kenaka tidzaonera limodzi. Agogo, mpando wanu tikunyamulirani.