Katswiri wa gofu akadutsa osamwetulira, watilakwira?

Moni nonse abale ndi alongo, kaya muli pa shifiti ya usiku, kaya muli m'sitima kubwerera kunyumba. Takulandirani ku podikasiti yathu ya moyo wa kunja kuno. Lero ndi za gofu, ndipo musatseke msanga poganiza kuti ndi masewera a mabwana. Enafe mabwalo a gofu timawadziwira kukhomo la kuseri: kutchetcha kapinga m'bandakucha, kusalaza mchenga wa m'ma bunker, kuperekera zakudya mu clubhouse, kunyamula zikwama. Mpikisano waukulu ukatha, dandaulo limakhala lomwelo chaka ndi chaka: uja ndi wamatama, tinamupatsa moni sanayankhe, mwana anamutambasulira kapu iye n'kungodutsa. Ndiye funso n'lakuti, kodi akatswiriwa ali nafe ngongole ya nsangala? Nanga n'koyenera kuwauza ana athu kuti azitengera iwowa?

Ine ndikuti ngongole ali nayo ndithu, koma si ya kuonetsa mano.

Tiyambe ndi mmene sabata yawo imayendera, chifukwa ambiri amene amakhumudwa amakhala kuti afika tsiku lolakwika. Lolemba ndi Lachiwiri n'zokonzekera: kuyesa bwalo, kuona mmene mpira ukuthamangira pa green, kapinga wosalala wozungulira dzenje. Lachitatu kumakhala pro-am, pomwe katswiri amasewera ndi alendo a makampani othandiza mpikisano. Lachinayi mpaka Lamlungu ndiye mpikisano weniweni, maenje 18 patsiku, onse pamodzi 72. Akatha maenje 36 Lachisanu madzulo, pamakhala cut, kuchotsa osewera amene atsalira m'mbuyo. Pa mipikisano yambiri ya PGA Tour, bungwe la akatswiri la ku America, amatsala 65 oyambirira ndi onse ofanana ndi wa nambala 65. Ku The Open amatsala 70, ku Masters 50; iwiriyi ili m'gulu la mipikisano inayi ikuluikulu yotchedwa ma major. Wogwa pa cut kawirikawiri salandira kalikonse pa ndalama za mphotho, chonsecho ndege, hotela, mphunzitsi ndi caddie (womunyamulira chikwama) walipira yekha, chifukwa wosewera gofu sali pa malipiro a pamwezi ngati wa timu ya mpira. Ndiye mukaona munthu Lachisanu masana ali pa dzenje la 16, nkhope ili gwa, dziwani kuti mwina kumenya kumodzi kokha ndiko kukumulekanitsa ndi kubwerera chimanjamanja. Wayenda kale maola anayi kapena asanu, makilomita 8 kapena kuposa. Moni wanu waumva, koma mutu uli pa mphepo ndi mtunda.

Pali kamtunda kena kamene anthu amaipidwira kwambiri: kuchoka pa green ya 18 kupita kokasaina khadi. Apa ndi pamene oonerera amaunjikana, manja ali m'mwamba, wosewera n'kudutsa ngati sakuona munthu. Chifukwa chake n'chakuti ntchito sinathe. Mu gofu amapambana ndi amene wamenya kochepa, ndipo khadi lako, losonyeza kuti wamenya kangati, amalemba ndi mnzako amene ukusewera naye, iwe n'kuliona dzenje lililonse, n'kusaina. Ukasainira nambala yochepa kuposa mmene unamenyera, akhoza kukuchotsa mumpikisano. Ukasainira yochuluka, imakhala yomweyo, palibe kubweza. Mu 1968 ku Masters, Roberto De Vicenzo wa ku Argentina anamenya katatu pa dzenje la 17, koma Tommy Aaron amene ankamulembera analemba 4. De Vicenzo anasaina osaonetsetsa. 65 yake inasanduka 66, mwayi wokalimbana ndi Bob Goalby mu playoff, maenje owonjezera olekanitsa ofanana, unathera pomwepo, ndipo linali tsiku lake lobadwa. Wosewera aliyense nkhani imeneyi amaidziwa. Musayembekezere kuti aima panjira imeneyo kuti mujambulitse naye.

Ngati mukufuna siginecha, makamaka mukapita ndi mwana, njira yake ilipo. Pitani Lachiwiri kapena Lachitatu, matikiti ake amakhalanso otsikirapo mtengo. Imani pa chingwe cha pafupi ndi pamene amayesera kumenya, kapena potulukira akatha kusaina khadi. Mipikisano yambiri imakonza malo a ana okhaokha pamenepo. Tengani cholembera chanu cha inki yosafufutika, chotsegula kale, ndi chinthu chimodzi chokha chosalala, kapu kapena mbendera ya mpikisano. Mpira wa gofu ndi wovuta kulembapo chifukwa cha timaenje take, ndipo osewera ena amaukana. Mwana akhale patsogolo, inu kumbuyo. Mutchuleni dzina wosewerayo kamodzi, mwaulemu, kenako dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene zimasokoneza n'zodziwika. Akuluakulu ena amabwera ndi mulu wa zithunzi ndi mbendera zoti akagulitse pa intaneti, n'kumakankha ana pa chingwe. Osewera amawazindikira, ndipo akawaona ena amangosiya kusaina, ana n'kuvutikira momwemo. China n'kupempha pakati pa masewera, wosewera akuchoka pa green kupita pa tee yotsatira, poyambira dzenje lina. Pamenepo ambiri sasaina, mwina angakugundeni dzanja basi. Malamulo a malo nawonso amasiyana. Ku Augusta National, kumene kumachitikira Masters mwezi wa April, foni salola kulowa nayo n'komwe, kuthamanga n'koletsedwa, ndipo siginecha imapemphedwa malo ochepa okha amene anaikidwa. Kwina foni amalola, koma ikhale chete. Kulira kwa kamera munthu ndodo ili m'mwamba kumatha kumupotozera mpira kutchire. Ndipo mpira ukagwera pafupi nanu, chonde musautole, musaupondenso. Imani potero, muuzeni marshal, woyang'anira oonerera.

Tsono ngongole yeniyeni ili pati? Yoyamba ndi ya ntchito, yolembedwa. Ndalama za mphotho sizigwa kumwamba. Zimachokera kwa makampani ndi ma TV, ndipo iwowo amalipira chifukwa anthu akuonera. N'chifukwa chake pro-am si yongofuna. Mu 2010 Jim Furyk anagonereza foni yake itatha moto, anachedwa pa pro-am ya The Barclays, ndipo sanamulole kusewera mpikisano wonsewo. Lamulolo analifewetsa pambuyo pake, koma likuonetsa kulemera kwa Lachitatu. Mu 2021 PGA Tour inafika pokhazikitsa Player Impact Program, thumba la madola 40 miliyoni logawira osewera amene amakopa anthu kwambiri, ndipo Tiger Woods anatenga 8 miliyoni chaka choyamba. Choncho wosewera sanganene kuti oonerera alibe nawo ntchito. Amadya za iwowo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi Collin Morikawa. Mu March 2025 anatsogola mpaka chakumapeto pa Arnold Palmer Invitational, Russell Henley n'kumupitirira, iye n'kuchoka osayankhula ndi atolankhani. Atafunsidwa patapita masiku, anati alibe ngongole ndi wina aliyense. Rory McIlroy anachitanso chimodzimodzi mu 2024 ku Pinehurst, ataphonya timipira tiwiri tapafupi pa dzenje la 16 ndi la 18, US Open n'kupita kwa Bryson DeChambeau. Ululu wake ndi womveka, ndipo malamulo a PGA Tour sawakakamiza kuyankhula. Koma amene anakhala pa TV maola anayi akufuna amve kuti chinachitika n'chiyani pa 16 paja. Mphindi zitatu zokha, ngakhale nkhope ili yakugwa, ngakhale mayankho ali afupiafupi. Zimenezo ndimaziwerengera ngati mbali ya ntchito. Kumwetulira ayi.

Yachiwiri ndi chitetezo, ndipo iyi ilibe kukambirana. Mpira wa gofu sulemera kupitirira magalamu 46, koma katswiri akaumenya ndi driver, ndodo yomenyera patali, umachoka pa liwiro la makilomita pafupifupi 270 pa ola. Ukapatuka kulunjika anthu, mwambo ndi kukuwa kuti "fore" ndi kuloza ndi dzanja mbali imene wapita, kuti ma marshal a kutsogolo achenjeze anthu. Mu 2018 pa Ryder Cup, mpikisano wa timu ya Europe ndi ya America, ku Le Golf National, pafupi ndi Paris, mpira wa Brooks Koepka unamenya mayi wina woonerera ndipo diso limodzi linasiya kuona. Imeneyo inali ngozi, koma ikuonetsa chimene kampira kameneka kangachite. Osewera ena amakhala chete dala, podziwa kuti mpira ukagunda gulu la anthu suthamangira kutchire. Ameneyo ndiye wamwano weniweni, ngakhale pambuyo pake abwere akuseka n'kupereka gulovu yosainidwa kwa amene wavulala. Inunso mukamva "fore" musayang'ane kumwamba kufuna mpira. Tembenukani, weramani, manja kumutu.

Yachitatu ili m'buku la malamulo momwe. Lamulo 1.2 limati wosewera akhale woona mtima, aganizire ena, asamale bwalo. Mu 2019 Sergio Garcia anachotsedwa mu Saudi International chifukwa chowononga ma green angapo atapsa mtima. Amene mumagwira ntchito ya kapinga mukudziwa kuti green imodzi imadya miyezi ingati kuti ifike pamene imafika, ndi kuti bala la ndodo kapena kukhukhuluza nsapato limasokoneza onse osewera pambuyo. M'lamulo limenelo mulibe mawu oti wosewera aziseka ndi anthu.

Za kukhala chitsanzo ndiye zovuta. Arnold Palmer ankayang'ana anthu m'maso, ankasaina dzina lake moti liwerengeke, ndipo ankalangiza achinyamata kuchita chimodzimodzi. Gulu lomutsatira linafika potchedwa Arnie's Army. Ben Hogan anali wosayankhulayankhula, wosacheza pabwalo, koma anapambana ma major 9 ndipo mpaka lero aphunzitsi amaphunzitsa kamenyedwe kake. Kodi mwana atengere uti? Zimadalira chimene mukufuna aphunzire. Vuto limabwera tikayesa khalidwe la munthu ndi nkhope yake. Matt Kuchar ankadziwika ngati munthu wansangala kwambiri pa PGA Tour, womwetulira nthawi zonse. Mu 2018 anapambana ku Mayakoba, ku Mexico, n'kulandira madola pafupifupi 1.3 miliyoni. Caddie wake wa nthawi zonse kunalibe, ndiye anatenga wa pabwalo pomwepo, n'kumulipira madola 5,000. Kuchar ankati ndi zimene anagwirizana. Koma mwambo wa ma caddie okhazikika ndi malipiro a pasabata kuphatikiza gawo la mphotho, kawirikawiri 5 peresenti, 7 akathera mu khumi oyambirira, 10 akapambana. Anthu atakwiya, mu February 2019 anapepesa n'kukwanitsa madola 50,000. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife amene timanyamula zikwama ndi kutsuka mbale, nkhani ngati imeneyi imatiuza zambiri kuposa siginecha chikwi.

Yerekezani ndi Brian Davis wa ku England, dzina limene ambiri simulidziwa. Mu 2010 ku Harbour Town anali mu playoff ndi Furyk yemwe uja, asanapambanepo pa PGA Tour. Mpira wake unagwera m'mbali mwa madzi, ndipo pokweza ndodo anakhudza kabango kouma kothothoka, zimene malamulo a nthawi imeneyo ankaletsa. Palibe anaona bwinobwino. Pa TV anachita kubwereza chithunzi pang'onopang'ono. Iye mwini anaitana woyang'anira malamulo, analandira chilango cha kumenya kuwiri, chikho n'kupita. Lamulolo linasintha mu 2019, koma ngati pali choti mwana aonere pa gofu, ndi chimenechi, chifukwa ndi masewera amene nthawi zambiri woweruza sakhala pafupi ndipo umadziimba mlandu wekha.

Kupitirira pamenepo ndimakayika. Tiger Woods anakokera ku gofu anthu akuda ambirimbiri amene sankaganiza kuti masewerawa ndi awonso, pa njira imene anatsegula Charlie Sifford, wakuda woyamba kulowa PGA Tour mu 1961, ndi Lee Elder, wakuda woyamba kusewera Masters mu 1975. Zimenezo n'zoona. N'zoonanso kuti kumapeto kwa 2009 za m'banja mwake zinaululika, makampani monga Accenture ndi AT&T anamusiya, ndipo mu February 2010 anapepesa pa TV. Chithunzi cha munthu wangwiro anachijambula ndi otsatsa malonda, ife n'kugula. Charles Barkley wa basketball ananeneratu mu 1993, m'kanema wotsatsa wa Nike, kuti iye si chitsanzo ndipo kulera ana ndi kwa makolo. Mwina ananena mokhadzula, komabe mwana mukhoza kumuuza kuti ona mmene uyu amalimbikira, ona mmene amavulira kapu ndi kugwirana chanza akagonja, osamuuza kuti khala ngati iyeyu m'zonse. Za kunyumba kwake sitizidziwa.

Nafenso oonerera tisadziyeretse. Mu gofu chingwe chokha ndicho chimatilekanitsa ndi wosewera, nthawi zina mamita awiri kapena atatu, ndiye chilichonse chimene wanena amamva. Ku Phoenix Open, kumene dzenje la 16 limazunguliridwa ndi masitandi ndipo phokoso ndi lololedwa, mu 2024 zinafika poti Loweruka anatseka zipata n'kuimitsa kugulitsa mowa. Pa Ryder Cup ya 2025 ku Bethpage Black, ku New York, McIlroy anatukwanidwa masiku onse atatu, ena akukuwa iye ali pafupi kumenya, ndipo naye anabweza mawu oipa. Europe inapambana 15 kwa 13. Tikiti imakupatsa malo oimapo ndi ufulu wochemerera, ngakhale kuwowoza timu ina pakati pa mamenyedwe. Munthu amene watukwanidwa maola asanu ndi gulu, n'zovuta kumuuza kuti potuluka aime n'kumwetulira gulu lomwelo.

Mawu omaliza apite kwa inu amene mudzagwire ntchito pa mpikisano, kaya ndi ganyu ya sabata imodzi kaya mwadzipereka ngati marshal. Mukavala yunifolomu, kupempha siginecha kapena selfie nthawi zambiri n'koletsedwa, ndipo akhoza kukulandani chiphaso tsiku lomwelo. Wosewera akakuyankhulani, yankhani. Akapanda kutero, gwirani chingwe chanu, kwezani manja anthu akhale chete, maso pa mpira. Ngati mwana wanu akufuna kapu yosainidwa, mubwere naye tsiku limene muli pa ofu, Lachiwiri m'mawa, cholembera chili m'manja. Zikomo pomvera, tikumanenso sabata yamawa.