Lamba atamuke, koma pamfundo pasaduke

Zikomo amayi ndi abambo, ndi inu amisiri mwakhala kumbuyoko. Tayang'anani chitsulo ndanyamulachi. Ndi chopyapyala, kukhuthala kwake kungopitirira pang'ono milimita imodzi, ndipo kufakitale anachipinda osachitenthetsa. Zitsulo zotere ndiye mafupa a nyumba zopepuka. Kupepukako ndi mwayi, chifukwa chivomezi chimakankha nyumba molingana ndi kulemera kwake. Koma nyumba yachitsulo kawirikawiri sigonjera pakati pa mzati ayi. Imagonjera pamfundo, pamene zitsulo zakumana.

Pa 17 Januwale 1994, chivomezi chinagwedeza Northridge ku California. Nyumba zambiri za zitsulo zikuluzikulu zinatsala chiimire, anthu n'kumati zapulumuka. Mainjiniya atasendula zophimba anapeza ming'alu pomwe mitanda inawotchereredwa ku mizati. Chaka chotsatira ku Kobe, ku Japan, zofananazo zinaonekanso. Mudziwa chimene anachita? Anayamba kusema mtanda m'mbali, chapatali pang'ono ndi powotchererapo, kuufooketsa dala. Ndaona wina akupukusa mutu. Inde bambo, dala, kuti mtanda upindikire pofookapo mphamvu isanang'ambe mfundo.

Ganizoli analikhwimitsa ndi Robert Park ndi Thomas Paulay ku New Zealand m'zaka za m'ma 1970, ngakhale iwo ankagwira kwambiri pa nyumba za konkire. Lili ngati fyuzi ya magetsi: mumasankhiratu kachinthu koti kapse kuti zina zonse zitsale.

M'nyumba zopepukazi, gawo losankhidwalo nthawi zambiri ndi lamba wachitsulo uyu, amene amamangidwa mopingasa pakhoma ngati chilembo cha X. Nyumba ikapendekera uku, lamba mmodzi amakokeka, mnzake n'kulendewera. Ikabwerera uko, amasinthana. Lamba akamatamuka osaduka, amamwa mphamvu ya chivomezi. Tsono ntchito yonse ili apa: mfundo ya kumapeto kwa lamba ikhale yolimba kuposa lambayo.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwira. Bowo lililonse la sikuluwu limadya chitsulo cha lamba. Mukandanda masikuluwu ambiri mzere umodzi wodutsa m'lifupi, mwamulembera lambayo poti adukire, ndipo adzaduka mwadzidzidzi asanatamuke n'komwe. N'chifukwa chake pakona amaikapo chitsulo chophwatalala chokhuthalirapo, masikuluwu n'kumwazikana motsata litali. Sikuluwu italikire m'mphepete ndi mtunda wosachepera kunenepa kwake kamodzi ndi theka, ndipo pakati pa ziwiri pakhale kunenepa kwake katatu. Mukasuzumira kuseri, muone mazinga a sikuluwu osachepera atatu atatulukira. Mukamanga mpaka kuyamba kuzungulira yokha, yadya mazinga, imeneyo musaiwerengerenso.

Chinanso chomwe anthu sakhulupirira msanga: musagule lamba wokhuthala kuposa amene injiniya walemba poganiza kuti mukuwonjezera chitetezo. Lamba akalimba kuposa mfundo yake, choyamba kuduka ndi mfundo. Chifundo chotere chimapha.

Tsikirani pansi tsopano. Khoma likakankhidwa m'mbali, kona imodzi imaponderezeka, inayo imafuna kunyamuka. Mizati ya kumapeto amaiphatikiza iwiri, msana ndi msana, kuti isakhwinyate, ndipo pansi pake pamakhala chitsulo chogwirira chomangidwa ndi bawuti yozama mu konkire ya maziko. Pakasowa chimenechi, lamba wabwinoyo amangozula mzati. Mphamvu iyenera kukhala ndi njira yosaduka kuchokera kudenga, kudutsa m'khoma, mpaka kumaziko. Panyumba yosanjikizana, khoma lapamwamba limangidwenso ku lapansi.

Mayi mwafunsa za kuwotcherera mfundozi m'malo momanga ndi masikuluwu. N'zotheka, koma chitsulo chopyapyala chonchi chimabooka msanga ndi moto, komanso zinki woteteza ku dzimbiri amapsa. Pamafunika mmisiri wodziwadi, ndipo powotchapo mupakenso choteteza.

Kodi zimenezi zinayesedwapo? Eya. Mu 2013, ku University at Buffalo ku America, gulu lotsogozedwa ndi Benjamin Schafer linamanga nyumba yonse yosanjikizana kawiri ya zitsulo zopepuka pamakina ogwedeza, n'kuigwedeza motsanzira chivomezi cha Northridge. Inaima, ndipo inawonongeka pang'ono chabe. Makoma ake sanali a lamba, anali okutidwa ndi mabolodi amatabwa, ndipo pamenepo mphamvu imamwedwa ndi masikuluwu ambirimbiri a m'mphepete mwa bolodi, iliyonse ikupendeka pang'onopang'ono. Mutu wa sikuluwu ukamira kwambiri m'bolodi, kugwira kumachepa.

Khoma likangotsekedwa, zonsezi simudzazionanso. Ndiye pemphani injiniya ayendere mfundo iliyonse mabolodi asanakhomedwe, ndipo inu eni nyumba mujambule makona onse ndi foni. Amisiri, sendereni kutsogolo kuno, ndabwera ndi zidutswa ziwiri, china chomangidwa bwino, china ayi. Mundiuze nokha cholakwika n'chiti.