Kuwatsekera ku Dzaleka Sikuthetsa Vuto: Nkhani ya Obwera ndi Mgwirizano wa M'malire

Takulandirani nonse, a ku Lilongwe, a ku Chipata, a ku Tete, ndi inu a ku Joni amene mumaonera usiku mukaweruka. Lero tikukamba za momwe mayiko oyandikana angagwirire ntchito limodzi kuti obwera akhazikike mwamtendere pakati pa eni dera. Musathawe msanga, chifukwa pali bodza limodzi limene landikwana m'makomenti, ndipo lero ndithana nalo.

Zoyambira, mwachangu. Wothawa kwawo ndi amene wathawa nkhondo kapena chizunzo, ndipo amayang'aniridwa ndi boma mothandizana ndi UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo. Wobwera kudzasaka ganyu kapena geni ali ndi malamulo ake ena. Basi, tiyeni.

Choyamba, mgwirizano umayambira kwa mafumu. Imani pa Lizulu tsiku la msika. Mbali ino ya msewu wa M1 ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique. Mayi wanyamula dengu la kachewere wa ku Angónia, wadumpha msewu, wagulitsa, wagula sopo, wabwerera kwawo, ndipo palibe wamufunsa pasipoti. Angerezi ndi Apwitikizi ndiwo anagwirizana za malire amenewa mu 1891, koma mabanja analipo kale. Chaka chilichonse mu Ogasiti mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Bungwe lofuna kuthandiza obwera likalambalala anthu amenewa, lingotaya mafuta a galimoto.

Chachiwiri, mapepala asavute. Zipata za Mchinji ndi Mwami, pamalire a Malawi ndi Zambia, zinaphatikizidwa kukhala chimodzi mu 2022, ndipo COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, ili ndi dongosolo lopeputsira amalonda ang'onoang'ono. Njira yovomerezeka ikaphweka, zodutsa m'tchire zimachepa.

Tisanafike pachitatu, dinani subscribe ndi kabelu kaja. Ambiri mumangoonera osadina, ndikukuonani!

Tsopano bodza lija. Akuti: "Onsewa angowatsekera ku Dzaleka, mavuto atha." Abale anga, tiyeni tione bwino.

[Pa sikirini: mapu a boma la Dowa]

Dzaleka inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu. Inasanduka kampu ya othawa kwawo mu 1994, yokonzedwera anthu 10,000 kapena kuposerapo pang'ono. Lero muli anthu opitirira 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Pampope mzere wa zigubu umayamba kusanache. Thandizo la WFP, nthambi ya United Nations yoona za chakudya, lakhala likudulidwa. Ndiye inu mukuti awonjezeremo ena?

Ndipo taonani chododometsa. Malawi inavomereza pangano la United Nations la 1951 la othawa kwawo, koma inakana mfundo zina, monga za ufulu wogwira ntchito ndi woyenda momasuka. Lamulo lathu la 1989 likuyenda m'mapazi omwewo. Ndiye munthu timamuletsa kugwira ntchito, kenaka timamunena kuti amangodya zaulere. Akatuluka n'kukatsegula okala ku Mchesi, timati watilanda bizinesi. Achite chiyani kodi? Pali achinyamata anabadwira mu kampumo, amalankhula Chichewa chothyakuka kuposa ena a ife a m'tauni, kwawo kwa makolo awo sanakuponde n'komwe, koma akamaliza sukulu satifiketi imangokhala m'chikwama.

Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anagwira anthu mazanamazana mu Lilongwe, ena n'kuwasunga kaye ku ndende ya Maula, ana omwe, asanawatengere ku Dzaleka. Mashopu anatsekedwa. Eni nyumba amene ankalandira lendi ndi anyamata amene ankagulitsa m'mashopumo anali Amalawi. Funsani iwowo ngati mavuto anatha.

Wina alemba kuti, "Dziko lathu n'losauka, sitingathe." Agogo anu anatha. Nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, Malawi inasunga anthu a ku Mozambique opitirira 1 miliyoni, ife eni ake tisanakwane n'komwe 10 miliyoni. Ku Nsanje obwera anachuluka kuposa eni boma. Makampu analipo, koma ambiri, makamaka ku Dedza ndi ku Ntcheu, anakhala m'midzi, mafumu n'kuwapatsa pomanga. Sindikunamizani kuti zinali zokoma zokhazokha: mitengo inatha, minda inapanikizika, zipatala zinadzaza. Koma mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, Malawi, Mozambique ndi UNHCR anagwirira ntchito limodzi, anthu anabwerera kwawo, ena n'kutsala m'mabanja amene anakwatiramo.

Ndapsa mtima pang'ono, pepani. Timwe madzi.

Chachitatu, thandizo likhale la onse. Anzathu a ku Zambia ku Mantapala, m'boma la Nchelenge, anapatsa othawa kwawo ochokera ku Congo malo olima, ndipo sukulu ndi chipatala amagwiritsa ntchito limodzi ndi eni dera. Nsanje imayamba pamene mjigo wakumbidwa mu kampu, mudzi woyandikana nawo ukumwa pachitsime chosatetezedwa. Ku Dzaleka komweko, msika wa Lachiwiri umadzaza ndi alimi a ku Dowa, ndipo chikondwerero cha Tumaini, chimene anayambitsa Menes La Plume wa ku Lubumbashi mu 2014, chimakoka anthu a m'tauni mpaka kugona m'nyumba za othawa kwawo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Ndikumbutse, ulalo wa gulu lathu la WhatsApp uli m'munsimu. Lowani, koma za ndale za zipani kumeneko ayi.

Chachinayi, ndipo ichi n'cha inu a kunja. Mu 2008 anthu 62 anaphedwa ku South Africa pa ziwawa zodana ndi obwera. Mu 2015 boma lathu linatumiza mabasi kukatenga Amalawi ku Durban. Mawu amene ankanenedwa kumeneko, akuti tikuwalanda ntchito, ndi omwewo ndikuwawerenga m'makomenti muno. Ku Zimbabwe ana ndi zidzukulu za Amalawi amene anapita kumigodi ndi m'mafamu anakhala zaka zambiri opanda dziko, mpaka malamulo a 2013 anatsegulira unzika obadwira konko. Nduna yathu ikapita ku msonkhano wa SADC, bungwe la mayiko a kummwera kwa Africa, kukapempha kuti anthu athu asungidwe bwino, anzake amadziwa za Maula.

Chachisanu, kalembera wa ana obadwira m'malire. Iyi ndi nkhani yaitali, ndaisungira vidiyo ya Lachisanu. Inu a ku Joni ndi ku Harare, lembani m'munsimu zimene zinakuthandizani kukhazikika, kaya ndi tchalitchi, mzikiti kapena kagulu ka maliro. Ndiwerenga zingapo pa vidiyo ikubwerayo. Tionana Lachisanu.