Mwana Akafuna Kukaphunzira Zilankhulo Kunja: Nkhani Yolankhulidwa kwa Makolo ndi Ophunzira ku Ulongué

A Nyakwawa, aphunzitsi anzanga, makolo amene mwasiya ntchito zakumunda kuti mubwere pano, ndi inu ana athu a kalasi 12, zikomo kwambiri. Makolo akabwera kwa ine ndi nkhani ya mwana wofuna kukaphunzira zilankhulo kunja, funso lawo limakhala lakuti, "Aphunzitsi, dziko labwino ndi liti?" Ine ndimawafunsa kaye kuti mwanayo akadzamaliza adzalankhula ndi ndani, ndipo amene adzamlipire pa ntchito ya pakamwa pakeyo ndi ndani, chifukwa yankho la funso limeneli ndi limene limasankha chilankhulo, ndipo chilankhulocho ndicho chimasankha dziko.

Ife a chigawo cha Tete, kuno ku Mozambique, tinakhala pamphambano. Ukatulukira pa Calómuè kapena pa Zóbuè walowa m'Malawi, pa Cassacatiza walowa mu Zambia, pa Cuchamano walowa mu Zimbabwe, ndipo m'maofesi a mayiko atatu onsewa amalemba Chingerezi. Malole ochokera ku doko la Beira amadutsa kwathu ndi mapepala a katundu ofunika kuwerengedwa m'zilankhulo ziwiri, ndipo kumigodi ya malasha ku Moatize kuli akunja ambiri osadziwa Chipwitikizi. Dziko lathu linalowa m'bungwe la Commonwealth m'chaka cha 1995 ngakhale silinalamulidwepo ndi Angerezi. Bungwe la SADC, la mayiko a kumwera kwa Africa, limagwiritsa ntchito Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo mu 2019 linavomerezanso Chiswahili. Kwa mwana wa kuno, ine ndimaika Chingerezi patsogolo. Chifalansa, Chitchaina ndi Chiswahili zili ndi ntchito zake, koma mwana azisankhe atadziwa kale khomo limene akufuna kukagogoda.

Tsopano pali mfundo imene ndikufuna muigwire bwino. Ana athu akamva zakunja, maganizo awo amathamangira ku Portugal kapena ku Brazil, popeza kumeneko sadzavutika kumva. Dziko la Brazil lilidi ndi ndondomeko yotchedwa PEC-G, imene imalola ophunzira a mayiko ngati lathu kuphunzira osalipira sukulu, ngakhale chakudya ndi pogona zimatsalira banja. Kwa wofuna udokotala kapena zaulimi, imeneyo ndi njira yabwino. Koma taganizirani mwana amene akuphunzira Chingerezi ku Lisboa: akatuluka m'kalasi akagula buledi m'Chipwitikizi, akwera basi m'Chipwitikizi, akangana ndi mnzake wa m'chipinda m'Chipwitikizi, ndiye Chingerezicho chikhala cha maola ochepa pa sabata, monga momwe chikanakhalira kuno. Ambiri mwa inu makolo munathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, mtendere usanasainidwe mu 1992, ndipo mukukumbukira kuti ana amene analowa sukulu kumeneko anabwerako ndi Chingerezi chimene anzawo otsala sanali nacho. Chilankhulo chimakhazikika pamene munthu sangachitire mwina koma kuchilankhula tsiku ndi tsiku.

N'chifukwa chake ndimati tisanyoze mayiko oyandikana nafe. Mayiko a SADC anasaina pangano la zamaphunziro mu 1997, ndipo mwa zina linati ophunzira ochokera m'mayikowa azilipira ngati eni dziko. Mayunivesite a boma a ku South Africa amatsatira zimenezi pa malipiro a sukulu, ngakhale amawonjezera ndalama ina ya ophunzira akunja ndipo amafuna inshuwalansi ya zachipatala. Ku Zomba kuli University of Malawi, imene ilinso ndi likulu lofufuza zilankhulo, ku Lusaka kuli University of Zambia, ndipo wofuna Chiswahili chozama sangasowe ku University of Dar es Salaam. Kufupi kuli ndi ubwino wina umene sulembedwa m'mapepala a sukulu: mwana amatha kubwera pamaliro a agogo ake n'kubwerera m'kalasi sabata yomweyo.

Amene mtima wake uli pa France, China kapena United Kingdom adziwe kuti pakhomo pali mayeso. Pa Chingerezi pali IELTS, imene malikisi ake amafika pa 9; mayunivesite ambiri amafuna 6 kapena 6.5, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, kotero kulemba msanga kwambiri n'kutaya ndalama. Pa Chifalansa pali DELF, ndipo gawo limene kawirikawiri amafuna ndi B2. Pa Chitchaina pali HSK, ndipo ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo kuli Instituto Confúcio, malo ophunzitsira Chitchaina, kumene munthu angayambire. Yunivesite yomweyo imaphunzitsa kumasulira pakati pa Chipwitikizi ndi Chingerezi, komanso pakati pa Chipwitikizi ndi Chifalansa. Banja losapeza bwino ndimalilangiza motere: mwana atenge digiri yoyamba m'dziko muno, kenako akafunefune bolsa (thandizo la ndalama zolipirira maphunziro) ya digiri yachiwiri kunja, imene imatenga chaka chimodzi kapena ziwiri, atakhwima kale m'maganizo.

Inu ana, musakopeke ndi zithunzi za nyumba zokongola pa intaneti. Tsegulani mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse ndipo muuwerenge mpaka kumapeto. Pansi pa dzina limodzi la "zilankhulo" pali njira zosiyana: ina ndi ya mabuku ndi ndakatulo, ina imakonzekeretsa mphunzitsi, ina imakonzekeretsa womasulira zolembedwa kapena wotanthauzira pamsonkhano. Wofuna kukhala wotanthauzira afunse ngati ophunzira amatumizidwa kukayesera ntchito, ndiponso kuti m'kalasi yolankhula mumakhala anthu angati, chifukwa m'chipinda chodzaza mwana wamanyazi amatha chaka osatsegula pakamwa.

Ndifike pa nkhani ya ndalama, imene imandipweteka mtima. Ndinaona banja lina m'dera lathu lino litagulitsa ng'ombe ndi mbatata za kachewere za chaka chonse, n'kupereka kwa munthu amene analonjeza malo pa sukulu ina yakunja. Mwana anapitadi, anakhalako zaka zingapo, koma atabwerako pepala lake silinavomerezedwe kuno, chifukwa sukuluyo inali yosavomerezeka ngakhale m'dziko lake lomwe. Digiri yakunja imafunika equivalência, chikalata chovomereza kuti ikufanana ndi ya kuno, kuti mwana alembedwe ntchito m'boma, choncho funsani za kuvomerezeka kwa sukuluyo ku unduna wa zamaphunziro musanatulutse metikali ngakhale imodzi. Mabolsa a boma amalengezedwa poyera ndi Instituto de Bolsas de Estudo, bungwe la boma loona za mabolsa, ndipo munthu wobwera nawo m'thumba mwake ngati malonda muzimukayikira. Bolsa ikapezeka, werengani zimene ikulipira, pakuti ina imalipira sukulu yokha n'kusiya tikiti ya ndege, chakudya ndi zovala zanyengo yozizira m'manja mwanu.

Chinyanja chathu nachonso chili m'kati mwa nkhaniyi. Pamene boma linayesa koyamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, kuyambira 1993 mpaka 1997, Tete inali chimodzi mwa zigawo ziwiri zosankhidwa, ndipo chilankhulo chake chinali Chinyanja. Kuchipatala, kukhoti ndi kumisonkhano ya alimi a fodya kumafunika munthu wotha kunyamula mawu a mayi wa ku Tsangano n'kuwafikitsa osapindika m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, ndipo zimenezo mlendo wophunzira chotani sangazithe. Mwana akamalemba kalata yopempha malo, atchule kuti amalankhula ndi kulemba Chinyanja.

Amene akufuna kupempha malo chaka chamawa ayambe mwezi uno kukonza satifiketi ya kalasi 12, kuimasulitsa kwa womasulira wolumbira ngati sukuluyo siiwerenga Chipwitikizi, ndi kupempha pasipoti ku ofesi ya Migração, chifukwa mapepala amenewa sabwera tsiku limodzi. Amene muli kale ndi mayina a masukulu m'maganizo, tsalirani tikatseka msonkhano, tiwaone limodzi ndi makolo anu.