Mabanja oyamba a ku New Germany anachokera kuti?

Zikomo amayi ndi abambo, zikomo atcheyamani pondipatsa mpata. Ambiri a ife tikamakwera takisi ku Pinetown, kufupi ndi Durban kuno ku South Africa, timamva kondakitala akukuwa kuti New Germany, ndipo timangoti ndi dera la mafakitale. Koma poyamba malo amenewa unali mudzi wa alimi ochokera ku Germany, ndipo alimiwo ankautchula kuti Neu-Deutschland.

Nkhani inayamba ndi munthu wamalonda, Jonas Bergtheil, Myuda wobadwira ku Bavaria. Iyeyu anaona kuti nthaka ya kuno ku Natal, komwe lero timati KwaZulu-Natal, ingabereke thonje, koma analibe oti alime. Ndiye anabwerera ku Germany kukafuna anthu. Kwawo ku Bavaria sizinatheke, mpaka anawapeza kumpoto, m'midzi yozungulira Bramsche, kufupi ndi mzinda wa Osnabrück.

Apa mumvetsetse bwino. Anthuwa sanali mabwana okhala ndi ndalama m'thumba ayi. Ambiri anali osauka, olima timinda tobwereka, amene ankapeza ya mchere poomba nsalu pamanja m'nyumba zawo. Nsalu za m'mafakitale zitadzaza msika, zotchipa, ntchito yawo inangoti zii. Munthu waluso lake n'kukhala manja lende, ana akulira njala. Bergtheil atawalonjeza malo olima, anangoti tiyeni.

Anakwera sitima yotchedwa Beta chakumapeto kwa 1847, mabanja oposa 30, n'kufika ku Port Natal, komwe lero timati Durban, m'mwezi wa Malichi 1848. Miyezi inayi pamadzi, ana ali m'manja! Ife timadandaula ndi masiku awiri a pabasi kudzera pa Mwanza ndi Beitbridge.

Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu amene anathawa nsalu za m'mafakitale aja anabweretsedwa kudzalima thonje lomwe likanapita kumafakitale komweko. Ndipo thonjelo linakana. Kwawo kozizira kuja mbewuyi sankaidziwa, ndipo kuno sinachite bwino. Ena anayamba kumanga katundu kuti achoke. Amene anawagwira mtima ndi m'busa Karl Posselt wa Berlin Mission, yemwe anakhala m'busa wawo. Otsalawo anatembenukira ku ndiwo zamasamba ndi mbatata, n'kumakagulitsa ku Durban, tauni yomwe inkakula nthawi imeneyo. Ena anakwera kumtunda n'kukakhala mbali za New Hanover.

Tisaiwalenso kuti malowa sanali opanda eni. Anthu akuda analipo kale, ndipo ambiri anadzasanduka antchito m'minda imeneyi.

Amayi kumbuyoko mwafunsa ngati pali choti munthu angaone ndi maso. Chilipo. Ku Westville kuli Bergtheil Museum, nyumba yakale yosungiramo zithunzi, zipangizo zapakhomo ndi mapepala a mabanja amenewa. Mukapitako, yang'anani maina a mabanjawo, kenako muwayerekeze ndi maina a misewu ina yomwe mumadutsamo popita kuntchito.