Kapepala kamene kanakokera banja la a Joad ku California

Moni nonse. Buku lili m'manja mwangali ndi The Grapes of Wrath, la John Steinbeck, lomwe linatuluka ku America mu 1939. Ndalimaliza sabata ino, ndipo taonani m'mphepete mwa masambamu, ndalembamo ndi pensulo mpaka mwada bii. Ngati simunaliwerenge, dziwani kuti ndiulula ndi mathero omwe.

Nkhani ikuyamba ndi Tom Joad, amene wangotuluka kundende ya McAlester komwe wakhala zaka zinayi chifukwa chopha munthu pa ndewu. Atafika kwawo ku Oklahoma, akupeza nyumba yapendekeka, mulibe munthu, thonje lamera mpaka pakhomo. N'zoona kuti m'zaka za m'ma 1930 kuderali kunagwa chilala choopsa, mphepo n'kumaulutsa dothi mpaka kuphimba dzuwa. Koma pamutu wachisanu ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti: amene wawachotsa si fumbi. A Joad anali matenanti, munda unali m'manja mwa banki, ndipo eni ake anaona kuti munthu mmodzi wa pathirakitala angalime malo a mabanja oposa khumi. Woyendetsa thirakitalayo ndi mwana wa m'dera momwemo, akulandira madola atatu patsiku, nayenso ali ndi ana oti adyetse. Mlimi wina akufuna kudziwa woti amuombere ndi mfuti yake, koma aliyense akuloza kwa wamkulu wake, mpaka mlandu ukusowa mwini.

Tsopano kapepala. Apa mpamene ndinachedwa kwambiri.

Banjali lili ndi kapepala kolengeza kuti ku California akufuna anthu 800 othyola nsawawa. Chifukwa cha ikoko akugulitsa katundu pamtengo wolira, akugula galimoto yakale ya Hudson n'kuidula kuti ikhale ngati lole, akupha nkhumba ziwiri n'kuthira nyamayo mchere, ulendo wa pa msewu waukulu wa Route 66 n'kuyambika. Panjira akukumana ndi bambo wina wansanza amene akubwerera kuchokera komweko. Iye akuwaseka, kenako akuwamasulira masamu ake. Wofuna anthu 800 amasindikiza timapepala 5,000. Otiwerenga amakhala ochuluka kuposa pamenepo, ndipo pageti pamafika anthu 2,000 kapena 3,000, onse anjala. Ndiye mtengo auike ndani? Bwana amangoutsitsa, podziwa kuti wokana achoke, kumbuyo kwake kuli wina amene mwana wake sanadye. Bamboyo sakunena zongomva: mkazi wake ndi ana ake awiri anafera komweko ndi njala.

Ndipo zikuchitikadi. Kumunda wa mapichesi a Joad akulandira masenti asanu pa bokosi, osadziwa kuti alowa m'malo mwa anzawo amene akunyanyala ntchito panja pa mpanda. Sitalaka itangothyoledwa, mtengo ukugwera pa masenti awiri ndi theka. Amene munapitapo kukasaka ganyu m'miyezi ya njala, n'kupeza anthu khumi akulimbirana kamunda kamodzi, masamuwa simufunika kuwaphunzitsidwa.

Mabuku ambiri othandiza ophunzira amalimbikira za Tom ndi Jim Casy, mlaliki amene anasiya kulalikira n'kuphedwa akutsogolera sitalaka ija. Ine amene anandigwira mtima ndi mayi a banjali, Ma Joad. Agogo aamuna akumwalira asanatuluke n'komwe mu Oklahoma, ndipo akuwaika m'mbali mwa msewu, kalata yofotokoza za imfa yawo ili m'botolo, poti ndalama zolipira kuboma panalibe. Agogo aakazi akumwalira usiku akudutsa chipululu cha Mojave. Mayiwa akugona pambali pa mtembo usiku wonse osauza aliyense, ngakhale kwa oyang'anira pamsewu akunena kuti gogoyo akungodwala, kuti banja liwoloke basi. Ndinatseka buku pamenepo, ndinakamwa madzi kaye.

Pa kalembedwe, mwa mitu 30 ya bukuli, ingapo siikamba za a Joad n'komwe. Wina ndi wa kamba amene akuvutika kuwoloka msewu, dalaivala wina n'kumugunda dala. Wina ukuonetsa malalanje akuthiridwa palafini kuti mtengo usatsike, anthu anjala akuonerera. Poyamba mitu imeneyi inkanditopetsa, ndinkafuna kuidumpha. Musaidumphe, ndi imene ikusonyeza kuti a Joad ndi banja limodzi chabe pa mabanja masauzande amene ankatonzedwa ndi dzina loti Okies.

Eni minda bukuli linawawawa. Mu 1939 momwemo akuluakulu a Kern County ku California analiletsa m'malaibulale ndi m'masukulu awo, koma mu 1940 linapata mphoto ya Pulitzer.

Mathero ake mpaka pano sindinalembepo kanthu. Mvula yasefukira, Tom wathawa, ndipo mlongo wake Rose of Sharon, amene mwamuna wake anamuthawa panjira, wabereka mwana wakufa kale. Akubisala m'shedi ina momwe akupeza bambo amene watsala pang'ono kufa ndi njala. Ma Joad ndi Rose of Sharon akungoyang'anana, ena onse akutuluka, ndipo Rose of Sharon akumuyamwitsa munthu wachilendoyo.