Mphindi imodzi yomumvetsera mwana payekha

Zikomo amayi ndi abambo, aphunzitsi anzanga, ndi inu a komiti ya sukulu chifukwa chobwera. Amene muli kumbuyoko mukundimva eti? Chabwino, ndingolowa m'nkhani.

Ndiyambe ndi mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa m'sitandade 2, dzina sinditchula. Mwana ameneyu ndikati tsegulani tsamba lakuti, anali woyamba kukweza dzanja, ndipo akaimirira ankanena tsamba lonse osaphonya, mawu omveka bwinobwino, mpaka anzake kumuombera m'manja. Ine mumtima ndinkangoti uyu ndiye watha kale, sindinkamuderanso nkhawa. Tsiku lina ndinamuitana payekha, ndinalemba papepala mawu amodzi okha ochokera pa tsamba lomwelo, akuti "mphaka", ndikuti tawerenga apa. Anayang'ana pepala, anayang'ana ine, anayang'ananso pepala, kenako anayamba kunena chiganizo choyamba cha tsamba lija. Mwanayu sankawerenga ayi, ankaloweza. Ankamvetsera kalasi ikamawerenga mokweza onse pamodzi n'kusunga m'mutu, ndipo mutu wake unali wakuthwa zedi, koma malembo ankangodziwa atatu kapena anayi basi. Miyezi inali itadutsa ine osadziwa, ndipo zinandiwawa kwambiri, chifukwa zimene ndinazipeza tsiku limenelo zinangonditengera mphindi imodzi.

Ndiye nkhani yathu lero ndi ya mphindi imeneyo. Pali kayesedwe kakafupi kamene timachita kwa mwana aliyense m'makalasi oyambirira, mmodzimmodzi, kuti tione pamene wafika pa kuwerenga. Anthu akangomva kuti kuyesa amaganiza za mayeso a kumapeto kwa teremu, wakhoza, walephera, nambala wani, nambala chakuti. Izi n'zina. Ganizani za sikelo ya ana kuchipatala. Mwana akakwezedwa pa sikelo palibe amene amati walephera sikelo, amangoona ngati akukwera bwino, ndipo ngati mzere wayamba kutsika amachitapo kanthu mwana asanafooke. N'chimodzimodzi apa. Ndipo timayesa onse, osati okhawo amene tikuwakayikira, chifukwa mtsikana uja ine sindinkamukayikira.

Mwina wina akuti bwanji osangodikira, mwana akamakula adzadziwa yekha. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri ndipo amanenedwa mwachikondi, koma kafukufuku sakugwirizana nawo. Mu 1988 mayi wina wofufuza za maphunziro ku America, Connie Juel, anatulutsa zotsatira za ana 54 amene anawatsatira kuchokera kalasi yoyamba mpaka yachinayi, ndipo anapeza kuti mwana amene akuvutika kuwerenga pomaliza kalasi yoyamba, mwayi woti adzakhala akuvutikabe m'kalasi yachinayi unali pafupifupi 9 pa 10. Katswiri wina, Keith Stanovich, mu 1986 anafotokoza chifukwa chake pobwereka mawu a mu Mateyu aja akuti amene ali nazo adzamuwonjezera. Mwana amene wayamba kuwerenga bwino amakonda kuwerenga, amawerenga zambiri, amadziwa mawu ambiri, ndiye kuwerenga kumamuphwekera kwambiri. Mnzake amene zikumuvuta amathawa buku, akalithawa sayeserera, ndipo mpata pakati pa awiriwa umangokulirakulira chaka ndi chaka. Mu 2022 World Bank ndi mabungwe anzake inayerekeza kuti m'mayiko osauka ndi apakati, ana 70 pa 100 aliwonse a zaka 10 satha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa. Ambiri mwa ana amenewa sukulu amapita ndithu, amakhala m'kalasi tsiku ndi tsiku, kungoti palibe amene anakhala nawo pansi n'kuwamvetsera paokha.

Tsopano timayesa chiyani kwenikweni? Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Choyamba ndi khutu, buku lisanabwere n'komwe. Ndimamuuza mwana kuti tamvera, "mutu", mawu amenewa akuyamba ndi liwu liti? Kapena ndimanena pang'onopang'ono, "ka... su", ndiye iye aphatikize anene kuti "kasu"... pepani, nditenge mawu enieni, "kha... su", anene kuti "khasu". Zikuoneka ngati masewera koma mwana amene sakumva kuti mawu amapangidwa ndi tizidutswa ta maliwu, malembo adzangokhala zithunzi zopanda tanthauzo kwa iye. Kenako timamupatsa pepala la malembo osakanizidwa, aakulu ndi aang'ono, osati mu ndondomeko ya alifabeti chifukwa imene ija amaiimba ngati nyimbo, ndipo timatchera wotchi mphindi imodzi kuti atchule maliwu ake. Akaima pa lembo masekondi atatu timamuuza apitirire pa lotsatira. Akalephera mzere wonse woyamba timasiya pomwepo, timamuthokoza, sitimuzunza kuti afike pansi pa pepala.

Pali gawo lina limene makolo ambiri amadabwa nalo, la mawu opeka opanda tanthauzo, monga "lepu", "gova", "nupe". Bambo wina anandifunsapo kuti aphunzitsi mukuphunzitsa ana athu zinthu zosamveka chifukwa chiyani. Sitiwaphunzitsa ayi, ndipo musakawaphunzitse kunyumba. Cholinga chake n'chakuti mawu oterewa mwana sanawamvepo, sangawaloweze, sangawalote poyang'ana chithunzi, ndiye akawawerenga molondola tadziwa kuti akuphatikizadi malembo yekha. Mtsikana wanga uja gawo ili likanamuonetsa poyera sabata yoyamba yomwe.

Pomaliza, kwa amene afikapo, pamakhala kankhani kakafupi. Amawerenga mokweza mphindi imodzi, ife tikuwerengetsa mawu amene wawerenga molondola, kenako timamufunsa mafunso angapo pa zimene wawerengazo. Nthawi zina timamuwerengera ifeyo nkhani iye akungomvetsera, n'kumufunsa mafunso. Zimenezi zili ndi chifukwa chake. Mu 1986 akatswiri awiri, Philip Gough ndi William Tunmer, anafotokoza kuti kumvetsa zimene ukuwerenga kumafuna zinthu ziwiri pamodzi, kutha kutchula mawu olembedwa ndi kumva chilankhulocho, ndipo chimodzi chikasowa chinacho sichingakupulumutse. Ndiye ana awiri akhoza kulephera funso limodzi lomwelo pa zifukwa zosiyana kotheratu.

Zida zoyesera zilipo zambiri ndipo sizinayambe dzulo. Ku America amagwiritsa ntchito kwambiri DIBELS, imene inachokera ku University of Oregon, ndipo ana amayesedwa katatu pachaka, koyambirira, pakati ndi kumapeto. EGRA inakonzedwa mu 2006 ndi bungwe la RTI International mothandizidwa ndi USAID ndi World Bank, ndipo yagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri m'zilankhulo zambiri. Ku India bungwe la Pratham linayamba kafukufuku wa ASER mu 2005 ndi pepala limodzi lokha, malembo, mawu, ndime, nkhani, basi, lophweka moti munthu wongodzipereka amatha kuligwiritsa ntchito. Dzina la chida lisakusokonezeni, zonsezi zikufunsa funso limodzi, mwanayu waima pa sitepe iti.

Koma anzanga aphunzitsi, apa ndi pamene ndikufuna timvane. Ndaonapo mafomu atadzazidwa bwinobwino, manambala olembedwa mwaukhondo, n'kuikidwa mu fayilo mu kabati, ndipo Lolemba lotsatira kalasi yonse ikuphunzira tsamba lomwe lija, mofanana, ngati palibe chimene chinachitika. Pamenepo tangotaya nthawi ya mwana ndi yathu yomwe. Zotsatira zija ziyenera kusintha zimene ndikachite m'kalasi mawa m'mawa.

Nditenge ana atatu. Woyamba watchula maliwu a malembo asanu okha pa mphindi. Ameneyu kumupatsa nkhani yoti awerenge n'kumulakwira, akufunika masewera a khutu ndi malembo ochepa ochepa tsiku lililonse, a, e, i, o, u akhazikike kaye, kenako m, n, t, k, mpaka ayambe kupanga ma, me, mi. Wachiwiri malembo akuwadziwa onse, maphatikizo osavuta ngati "ba" ndi "lo" akuwatha, koma akafika pa "nkhu", "mpha", "ng'o", "tsa" amaima n'kuyamba kulota. Ameneyu osamubwezera ku a, e, i, atopa nazo, vuto lake lili pa maphatikizo a malembo angapo ndipo ndi pomwepo pofunika kulimbikira. Wachitatu amawerenga ngati mtsinje, osadodoma, koma ukamufunsa kuti nkhaniyi ikunena za ndani amangoti duu. Ameneyu akufunika kukambirana naye nkhani, kumufotokozera mawu atsopano, kumufunsa kuti ukuganiza kuti chichitike n'chiyani kutsogoloku. Pa lipoti la kumapeto kwa teremu atatu onsewa akanangolembedwa kuti akuvutika kuwerenga, koma mwaonatu kuti mankhwala awo ndi osiyana.

Ndiye timawaika m'magulu malinga ndi pamene afika, kwa kanthawi kochepa patsiku, ena akugwira ntchito yawo ife tili ndi gulu lina. Njira yophunzitsa mwana pa mlingo umene ali, osati pa kalasi imene walembedwa, ndi imene Pratham inaikulitsa, ndipo inayesedwa mobwerezabwereza ndi akatswiri monga Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019 pamodzi ndi Michael Kremer. Chofunika n'chakuti magulu amenewa si a muyaya. Amene akuvutika timawayesanso pakapita masabata awiri kapena mwezi, mphindi imodzi yomwe ija, ndipo wakwera achoke apite gulu lina. Ngati masabata akudutsa nambala siikusuntha, tisathamangire kunena kuti mwanayu ndi wouma mutu, tiyambe tadzifunsa ngati kaphunzitsidwe kathu kakumufika.

Eya mayi, ndaona dzanja lanu. Afunsa kuti kodi mwana akapezeka kumunsi ndiye kuti ali ndi vuto la mu ubongo? Ayi mayi, kayesedwe aka sikangakuuzeni zimenezo. Kamangotiuza kuti uyu timuyang'anitsitse. Ndipo nthawi zina kamalakwitsa, mwana akhoza kuchita mantha ndi munthu wachilendo, akhoza kukhala kuti sanagone bwino kapena akudwala tsiku limenelo, ndiye sitigamula ndi tsiku limodzi. Ena vuto ndi maso kapena makutu, mwana amene saona bwino pa bolodi kapena samva bwino, maliwu amudutsa, ndipo ameneyu akufunika akaonedwe kuchipatala. Alipodi ana ena amene ali ndi vuto lotchedwa dyslexia, anzeru bwinobwino koma kulumikiza lembo ndi liwu kumawavuta kwambiri, ndipo amenewa amaonekera pamene tawathandiza mokwanira kwa nthawi koma akuyendabe pang'onopang'ono. Pamenepo ndi pofunika katswiri awaunike mozama. Ngakhale iwowa, thandizo likayamba msanga limagwira bwino kusiyana ndi kudikira.

Chilankhulonso tisachiiwale. Mwana ayesedwe m'chilankhulo chimene akuphunziramo kuwerenga ndipo amachimva, apo ayi tikhala tikuyesa chilankhulo osati kuwerenga. Komanso manambala a chilankhulo china sangangotengedwa n'kuikidwa pa china. Chingerezi chili ndi malembo 26 koma maliwu pafupifupi 44, lembo limodzi limamveka mosiyanasiyana, pamene m'Chichewa "a" amakhala "a" paliponse, koma mawu athu ndi aatali, "sindinakuoneni" ndi mawu amodzi pamene kwina akanakhala anayi. Ndiye kuchuluka kwa mawu pa mphindi sikungafanane.

Chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa ndi wotchi ija. Ena akaiona amayamba kuphunzitsa ana kuthamanga, mwana akuwerenga ngati akuthamangitsidwa, osapuma pa mpumiro, osamva chilichonse. Wotchi timaiika chifukwa mwana amene akulimbana ndi lembo lililonse amafika kumapeto kwa chiganizo ataiwala kale chiyambi chake, ndiye liwiro likungotisonyeza kuti malembo asiya kumulemera. Si mpikisano. Ndipo chonde, zotsatira za mwana zisawerengedwe pamaso pa anzake kapena kumatidwa pakhoma, ndi za mphunzitsi, kholo ndi mwanayo.

Inu makolo, mukabwera kudzaonana ndi aphunzitsi, musangofunsa kuti wakhala nambala chani. Funsani kuti waima pati, ndi malembo ati amene akumuvuta, ndipo kunyumba tingamuthandize bwanji. Ngakhale inuyo simudziwa kuwerenga, gawo la khutu lija ndi la nkhani mungalithe bwinobwino, mufunseni mawu ena oyamba ngati "mutu", muombe naye m'manja maphatikizo a dzina lake, mufotokozereni nkhani n'kumuuza akubwerezereni, mumuuze akuwerengereni mokweza inu mukumvetsera. Mtsikana uja tinayambira pa malembo anayi amene ankawadziwawo, mphindi zochepa tsiku lililonse, mayi ake akumumvetsera madzulo, ndipo tsiku limene anawerenga yekha mawu amene sanawamvepo anandiyang'ana modabwa ngati wina wamunong'oneza.

Tsopano ndagawa mapepala a malembo, alipo okwanira. Tikhale awiriawiri, wina akhale mwana wina akhale woyesa, amene muli ndi foni mutitchere mphindi imodzi. Woyesa, kumbukirani masekondi atatu aja, ndipo musamuuze mnzanu kuti walakwa, ingolembani kamzere pa lembo limene waphonya. Tikamaliza musinthane. Tiyeni tiyambe.